Zitini Zanu za Pakhonde, ndi Khofi wa a Papa

RAGEL SAAL (Antie Ragel) wa ku Concordia
17 Meyi 1954 – 9 Novembala 2022

Mama, lero zakwana zaka ziwiri chichokereni inu, ndipo mpaka pano mitu yathu ikukanabe. Munthu wadzuka bwinobwino, wasesa pakhonde, wakalipira mbuzi za aneba, wakhala pampando ndi chitini pamiyendo kuti asinthe mchenga, basi n'kupendekeka ngati wasinza. A Papa anakupezani nthawi isanakwane naini koloko m'mawa, supuni yanu yokumbira idakali m'manja. Simunadwale, simunatsanzike, ngakhale kubuula kokha sitinakumveni. Anthu amati tizolowera, koma ife geti likangolira timatembenukabe, kuyesa ndinu mukuchokera kumsonkhano wa amayi a kutchalitchi.

Amene ndikulemba ndine Mien, mwana wanu woyamba, uja munkati pakamwa pake pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Chaka chatha tinaika mizere inayi m'nyuzipepala ino, ndipo mzere wachitatu unali bodza. Tinalemba kuti zomera zanu tikuzisamalira monga munkachitira inu. Ndinalemba ndine ndi dzanja langali, ndikudziwa bwino lomwe kuti pa zitini 112 zimene munasiya panali patatsala 39 zokha. Chaka chino ndapempha malo aakulu, chifukwa zimene zachitika pakhonde panu sizingakwane m'mizere inayi, komanso inu nkhani yongodula pakati simunkaifuna.

Khonde lanu mukulidziwa. Zitini za jamu, za nsomba, za penti, ketulo yobooka ya Ouma, agogo athu aja, ngakhale chisoti cha a Papa cha kumgodi, chilichonse chimene msomali ungaboole pansi inu munkadzalamo. Munkazitchula kuti zonenepa zanu, poti madzi zimasunga m'masamba momwemo. Panali tija tofanana ndi timiyala, toti mlendo ankafunsa kuti mukusungiranji miyala m'zitini. Panali tija ta mabatani, ndi tija togawikana pakati timene munkati ndi timatako ta khanda, osachita manyazi ngakhale pamaso pa abusa. Tsiku lina abusawo atakhosomola n'kuyang'ana kumbali, munawanyamulitsa kamodzi kuti akaike pawindo la ofesi, ndipo mpaka lero kali pomwepo. Kuthengo simunakumbeko ngakhale kamodzi. Zanu zonse zinachokera ku tsamba lopempha kwa mnzanu, kapena ku njere zimene munkasunga m'maenvulopu akale a chopereka, mutalemba dzina ndi pensulo.

Tinkakusekani mukamasakaniza mchenga ngati mukukanda buledi wa Khirisimasi. Magawo awiri mchenga wa mumtsinje wouma, gawo limodzi timiyala, dothi lakuda dzanja limodzi lokha. Kanthambi mukadula simunkakadzala tsiku lomwelo, munkakagoneka pawindo sabata yathunthu kuti bala liume kaye. Koma lamulo lanu lalikulu linali la madzi. Kuyambira Novembala mpaka kumapeto kwa Malichi, dontho ayi. "Zagona izi, musazidzutse," munkatero. "Ludzu sizimaliopa. Zimaopa munthu wachifundo." Mkazi wa dikoni uja atangofuna kutsanuliramo madzi otsala m'tambula, munamumenya padzanja mpaka khonde lonse linamva, kenaka n'kumupatsa bisiketi.

Ndiye munachoka pa 9 Novembala, zitangogona kumene. Maliro atatha tinagwirizana kuti mlongo wanga Awie ndi mkazi wake Geraldine asamukire m'chipinda cha kumbuyo azisamalira a Papa. Ine ndimakhala kumtunda kuja, ndipo ntchito yanga ya m'sitolo ku Springbok imandibweza dzuwa litapendeka. Komabe za zitini ndinadziika ndekha kukhala mwini. Ndinaima pakhonde manja ali m'chiuno n'kulengeza kuti aliyense asazikhudze, ndizidzaziona ndekha madzulo alionse. Ndinkadziyesa wodziwa chifukwa ndinakula ndikukunyamulirani mchenga.

Mu Disembala kamodzi ka timiyala tija kanatupa, n'kung'ambika pambali. Nditakakhudza chala chinangolowa, ngati m'phwetekere wowola. Ndinati mwina n'kokalamba. Sabata yotsatira tinafa titatu, kenaka tisanu, kenaka chija cha m'ketulo ya Ouma chimene chinali chachikulu kundiposa ine zaka chinangogwa chokha, tsinde lake litasanduka phala. Nyerere zinadzaza khonde lonse, mizere mizere kukwera zitini. Ndikapisa chala mumchenga ndinkapeza chinyezi. Chinyezi mu Disembala, Mama, mwezi woti ukamayanika zovala, pofika kumapeto kwa chingwe zoyamba zija zauma kale. Ndinadziwa kuti pali munthu akuthirira.

Mtima wanga sunapite kutali, unagwera pa Geraldine. Paja kwawo ndi ku George, kumene mvula imagwa chaka chonse ndipo maluwa amawathirira m'mawa ndi madzulo. Loweruka lina mu Januwale ndinafika molawirira, n'kumupeza atawerama pazitini, supuni m'manja, zala zili mchenga wonyowa wokhawokha. Sindinafunse. Ndinamuuza kuti akathirire za kwawo, kuno anabwera kudzakwatiwa, osati kudzatimalizira zimene amayi athu anatisiyira. Ndinanenanso zina zoti sindingazilembe m'nyuzipepala, ndipo ndinazinena mokweza kuti aneba amve. Iye anangondiyang'ana, n'kupukuta manja pa epuloni, n'kulowa m'nyumba. Awie anakhala miyezi iwiri osandipatsa moni. Ine ndinayenda nayo nkhaniyo mpaka kwa amayi a kutchalitchi, anzanu aja, ndipo ena anayamba kumutembenukira msana mwana wa eni. Zomera nazo sizinasiye kufa.

Choonadi ndinachipeza mu Malichi. Ndinali ndi mapepala oti a Papa asayine ndisanakwere minibasi yoyamba, choncho ndinafika pageti dzuwa likungotuluka kumene. Ndinaona a Papa akutuluka ndi makapu awiri, yawo ndi yanu yobiriwira ija. Anakhala pa benchi yawo, n'kumwa khofi wawo pang'onopang'ono. Atamaliza ananyamula kapu yanu n'kuyamba kuyenda chitini ndi chitini, kutsanulira pang'ono apa, pang'ono apo, akulankhula motsitsa ngati mmene ankalankhulira nanu m'mawa. Khofi yemwe uja ankakupangirani zaka zonse, masupuni atatu a shuga, ndi mkaka wotsekemera wa m'chitini mpaka khofi kuyera. Pakhomo la khitchini panaima Geraldine ndi supuni yake ndi kabeseni ka mchenga wouma, kudikira kuti a Papa alowe, apale wonyowawo n'kuikapo wina. Anali atachita zimenezi m'mawa uliwonse kwa miyezi inayi. Mawu anga onse aja anawameza kuti nkhalamba isachite manyazi. Atandiona anapukusa mutu, kundipempha ndi maso kuti ndikhale chete.

Mukundidziwa, Mama. Sindinakhale chete. Ndinakankha geti n'kunena kuti, "Papa, kani ndinu! Khofi wanuyu ndi amene akupha. Shuga wotereyu tsiku ndi tsiku, n'chamoyo chanji chingapirire?" A Papa anaima ndi kapu m'manja. Anayankha motsitsa kuti inu munkachita zomwezo, kuti m'mawa uliwonse akabwerera kukhitchini ankakuonani pawindo mutawerama ndi kapu pakati pa zitini. Ankayesa mumazipatsako khofi wotsalira, ndipo ankati ndicho chinsinsi chanu chimene zinkanenepera. Poti inu kulibe, anaopa kuti zingasowe, ndiye ankazipatsa kapu yonse. Ine ndinawadula mawu, ndinati Mama sakanachita zopusa zotero. Anayang'ana m'kapumo nthawi yaitali, n'kuiika pachipupa cha khonde, n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo zomera zinasiya kufa. Ine ndi Geraldine tinagwada pakhonde masabata atatu, kuzula chimodzichimodzi, kudula powola ndi lezala mpaka titafika poyera, kuziyanika pamthunzi, kutsuka zitini ndi madzi otentha, n'kudzalanso mumchenga watsopano. Pamene tsinde linatheratu tinkathothola masamba abwino n'kuwayala pamchenga monga munkachitira. Kupepesa kwanga kunali kokhotakhota, poti sindinazolowere. Ndili pakati pochita chibwibwi iye anangondipatsira chitini n'kunena kuti, "Gwirani apa, mlamu, mukundichedwetsa." Kutchalitchi ndinaimirira ndekha pamaso pa amayi onse n'kubweza mawu anga, ndipo Antie Drieka, mnzanu wapamtima uja, anati inu mukanakhalapo mukanandikoka khutu kutsogolo komweko. Mvula yathu ya nyengo yozizira itagwa mu Juni, zija 39 zinadzuka, ndipo timiyala tina tinatulutsa maluwa achikasu.

Koma a Papa sanawaone maluwawo. Kuchokera m'mawa uja ketulo sanaikhudzenso. Pakhonde anasiya kupondapo, ankatulukira khomo la kumbuyo ngakhale popita kutchalitchi. Nyama ya nkhosa imene ankainyambita mpaka fupa kuyera inkabwerera m'mbale momwemo. Awie anawaboolera lamba ndi msomali kawiri. Tonse tinkayesa akwiyira ine, ndipo zinali zoyenera. Ndinapita kukagwada pafupi ndi bedi lawo kupempha chikhululukiro, iwo anandigwira pamutu n'kuti, "Palibe mlandu, mwana wanga, unanena zoona." Ndinatuluka mtima uli m'malo, osadziwa kuti mawu amenewo akutanthauza chiyani.

Tinadziwa chaka chatha, tsiku ngati lalero, kumanda. Titatha kuimba a Papa anagwada pamiyala, munthu woti mawondo ake sagwada, n'kulankhula aliyense akumva. "Ragel, undikhululukire. Zaka khumi ndi zinayi ndimakuthirira shuga, iwe uli ndi matenda a shuga. Ndinakupha ndine." Abusa anatseka buku lawo. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti atakupezani ndi matendawo munabwera kuchokera kukiliniki n'kuuza a Papa kuti anamwino aloleza kapu imodzi ya m'mawa, zina zonse ndiye aletsa. Tonse tinakhulupirira, poti munasiyadi jamu, makeke ndi zakumwa zotsekemera. Mawu amene ine ndinakalipa ponena za zomera, a Papa anawatenga n'kuwaika pa inu. Miyezi isanu ndi itatu anali akugona nawo okha m'chipinda muja.

Tinayesa zonse. Awie analankhula nawo, abusa anabwera katatu, tinawatengera kwa anamwino amene anawafotokozera mofatsa kuti mtsempha wa m'mutu ukhoza kuphulika mwa aliyense, ndipo palibe anganene kuti chachititsa n'chakuti. Ankangogwedeza mutu mwaulemu. Pobwerera m'galimoto anati, "Tomera tija tinatupa n'kuphulika. Iyenso mtsempha unaphulika. Mukufuna kundinamiza chiyani?" Chaka chino chonse takhala tikuwaona akutha pang'onopang'ono. Kwaya anasiya, wailesi anazimitsa, anzawo a kumgodi akabwera ankati auzidwe kuti agona. Ine ndinkati ndikabwera madzulo kudzaona zitini, zili bwino, zikuphukira, ndinkalakalaka zikanafa zonse koma bambo anga n'kumadya. Ndinkadziwa kuti akatsikira kumanda, wawakankha ndine.

Mu Ogasiti mphepo inakanganula lata limodzi la pakhonde, mvula n'kuyamba kulowa. Zitini zinafunika kusunthidwa, ndipo kwa nthawi yoyamba tinasuntha mpando wanu, umene chimwalirireni inu palibe anayerekeza kuukhudza. Kuseri kwake thabwa la zitini zing'onozing'ono linatsamira pa chitini chachikulu cha penti, chovundikira ndi miyala yafulati. Tonse tinkachiona ngati mwendo wa thabwalo basi. Awie atachikoka anati chikulemera modabwitsa, n'kuchotsa miyala ija. M'kati munali mchenga wakuda bii, wolimba ngati njerwa, ndipo fungo limene linatuluka linali la khofi wosasa ndi shuga. Pansi pake panali mabowo a msomali, ndipo kuchokera pamenepo chidindo chakuda chinatsetsereka m'mphepete mwa khonde mpaka pansi. M'chitinimo munalibe muzu, munalibe tsinde, simunadzalidwemo kanthu chiyambire. Woyamba kuzindikira anali Geraldine. Anangokhala pansi pa simenti yonyowayo n'kugwira pakamwa.

Simunkamwa, Mama. Zaka khumi ndi zinayi simunamwe khofi ameneyo. M'mawa uliwonse munkalandira kapu ndi manja awiri, kuigunditsa pamlomo, n'kunena kuti, "Niklaas, khofi ndi wako yekha m'Concordia muno." Akangotembenuka kubwerera kukhitchini, inu n'kuwerama kuseri kwa mpando n'kukhuthula yense. Chimene ankaona pawindo chinali chimenecho. Za anamwino ololeza kapu imodzi munapeka nokha. Antie Drieka titamuonetsa anagwira m'mutu, n'kukumbukira kuti kawiri pa chaka munkamupempha akuthandizeni kukataya mchenga wina kudzala, ndipo akafunsa munkati ndi wa nyerere.

Ndinakukwiyirani, ndisakubisireni. Inu amene munandikwapula ndi lamba chifukwa chonama za kapu yosweka, munanamiza mwamuna wanu m'mawa uliwonse, mukumwetulira. Ndinayenda uku ndi uku pakhondepo ndikukukalipirani mokweza ngati muli pampando. Mkwiyo utatsika kunabwera mantha. Chitini chimenecho chinali umboni woti a Papa sanakupheni, inde. Koma chinalinso umboni woti chinthu chokhacho chimene ankanyadira m'nyumba muno, chimene ankauza anzawo kuti mkazi wanga sayamba tsiku asanamwe khofi wanga, chinkathera mumchenga. Munthu wofooka kale, ukamuuza kuti zikomo yense wa zaka khumi ndi zinayi anali wongomusangalatsa, adzuka kapena atheratu? Ndinali nditawapweteka kale kamodzi ndi pakamwa panga. Ndinauza Awie kuti abise chitinicho m'shedi, ndipo ine wa pakamwa pothamanga ndinakhala masabata asanu ndi limodzi ndili duu.

Amene anandidzutsa ndi Geraldine yemweyo. Tsiku lina akuchotsa mbale ya a Papa yosakhudzidwa, anaiika patsogolo panga mwamphamvu n'kuti, "Mlamu, tsiku lija ndinakupemphani kuti mukhale chete munakana. Lero pakufunika pakamwa panu mwapatseka. Mukudikira tikawauzire kumanda?" Mwana wa ku George uja munkati ndi wofatsa kwambiri moti sadzatha kukhala ndi a Saal, ndiye wagwira nyumba ino zaka ziwiri.

Tinawauza Lamulungu lomaliza la Seputembala, titaweruka kutchalitchi. Awie ananyamula chitini chija n'kuchiika pa saka pakati pa chipinda cha a Papa, n'kuchimenya ndi hamala mpaka mchenga unasweka zibuma. Ine ndinagwada n'kufotokoza zonse, kuyambira pa lata mpaka pa Antie Drieka. A Papa anatola chibuma chimodzi, n'kuchinunkhiza, n'kuchifikisa ndi zala, mpaka kuchilawa ndi nsonga ya lilime. Kenaka anafunsa ngati munkataya yense, ndinati zikuoneka choncho. Anafunsa ngati ndi zaka zonsezi, ndinati inde.

Anatulutsa kaphokoso koti tinayesa atsamwa, Awie mpaka anathamangira madzi. Kunali kuseka, Mama. Anaseka mapewa akugwedezeka, akumenya bondo, akuti, "Nkhalamba yachinyengo iyi! Inkachita kunyambita ndi milomo yomwe!" Anaseka mpaka kuseka kuja kunasanduka kulira, kulira kwenikweni kwa mawu, kumene pamaliro anu sanalire. Tinawagwira tonse atatu. Atatonthola anapukuta nkhope ndi malaya n'kufunsa ngati mwana wamng'ono kuti, "Ndiye sindinamuphe?" Ndinati ayi, Papa, sanamwe ngakhale pang'ono. Madzulo amenewo anaitanitsa buledi wowotcha pamakala, n'kudya zidutswa ziwiri ndi mafuta a nkhosa. Geraldine anapita kukalirira kuseri kwa thanki ya madzi kuti asamuone.

M'mawa mwake ketulo inalira m'nyumba mwanu, patatha chaka ndi theka. A Papa anatulukira khomo la kutsogolo, n'kuima pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana zitini. Tsopano zilipo 58, chifukwa masamba tinayala aja ambiri anamera, ndipo anzanu a kutchalitchi akhala akutibwezera ana a zomera zimene munawagawira kale. Cha m'ketulo ya Ouma sichinabwerere, ndipo togawikana pakati tija tatsala tiwiri. A Papa aphunzira kupisa kamtengo ka machesi mumchenga asanaganize za madzi, ndipo tsopano ndi amene amakalipira alendo. Thupi silinabwerere lonse, buluku likadali lalikulu, koma akudya, ndipo kwaya ayambiranso ngakhale mawu akuwathawa.

Funso limodzi lokha ndi limene lakhala likuwavuta mwezi wonse wathawu, ndipo nafenso latisowetsa yankho. Ankati akakhala pa benchi n'kuyamba, "Bwanji sanangondiuza? Ndikanamupangira wopanda shuga. Chovuta chinali chiyani?" Ine ndinkati mwina munaopa kuwakhumudwitsa, Awie ankati mwina munachedwa kunena mpaka zinakhala zochititsa manyazi. Iwo sankakhutira. Ankati zaka makumi anayi ndi zisanu za ukwati mkazi ameneyu sanaopepo kundiuza kanthu, ngakhale za mkonono wanga ankauza mpingo wonse.

Lero m'mawa, tisanapite kumanda, ndinafika molawirira. A Papa anatuluka ndi makapu awiri, ndipo ndinaopa kuti ayambiranso kuthirira. Koma sanayandikire zitini. Kapu yanu anaiika pa mpando wanu, khofi wakuda, wopanda shuga, wopanda mkaka, amene mukanayenera kumamwa zaka zonsezo. Anamwa wawo, n'kudikira mpaka wanu atazizira. Kenaka anaitenga kapu yanuyo n'kupsontha. Nkhope yonse inakwinyika, anachita kulavulira kumbali n'kuti zimenezi ngakhale galu sangamwe. Anaigwirabe kapuyo ndi manja awiri, akuyang'ana pampando panu, misozi ikutsika. "Ndikanamupangira wotereyu, akanandiuza kuti ndisiye, ndisamavutike," anatero. "Iye za khofi analibe nazo ntchito, Mien. Ankafuna ndizibwera nayo kapuyi m'mawa uliwonse, ndizikhala naye pano." Atatero anamwa khofi wowawayo mpaka kumaliza, ndipo ine kwa kamodzi sindinanene kanthu.

Akukulirani mwamuna wanu Niklaas, ana anu Mien ndi Awie, mpongozi wanu Geraldine, mchemwali wanu Antie Fytjie wa ku Port Nolloth, Antie Drieka, ndi amayi onse a msonkhano wa Lachinayi amene mawindo awo adzaza zonenepa zanu.

Gonani bwino, Mama. Kukuiwalani sitingathe, ndipo sitidzayesa n'komwe.